Tepi Yanga ndi Mutu wa Wezi

Lolemba limenelo kunacha ndi mvumbi. Chifunga chinatsika kuchokera kuphiri la Kaning'ina n'kuphimba dera lathu lonse la Chibanja, moti nyumba ya kutsidya kwa msewu sinkaoneka. Unali mwezi wa Julaye, chaka chachiwiri cha Kovidi. Ndinavala majekete awiri, ndinatulutsa makina anga pakhonde, ndinakhala.

Ndine telala. Dzina langa ndi Fyson. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndasoka zovala mu Mzuzu zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mkazi wanga anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Iye ndiye ankayankhula m'nyumba mwathu, ine ndinkangovomera. Tsopano ndimakhala ndi mwana wanga Lizzie ndi khanda lake, Wezi. Bambo wa khandalo, Joel, ali ku Joni, ndipo mwana wake amamudziwira pafoni.

Wezi anabadwa bwinobwino. Atakwana miyezi itatu, mutu unayamba kukula kusiya thupi. Zipewa zimene ndinkamusokera zinkachepa zisanade n'komwe. Kuchipatala chachikulu anamujambula, ndipo a Zikani, amene amaona ana otere, anatiuza kuti m'mutu mwadzaza madzi osowa potulukira. Mankhwala ake ndi opaleshoni, kuika kapaipi kotsitsa madziwo. Madokotala a ubongo ali ku Blantyre.

"Chikhala chaka china, bwenzi ndikukulemberani kalata lero lomwe," anatero a Zikani. "Koma uko fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ikugwira theka. Manesi ena akudwala, ena awatengera kumatenti a Kovidi. Mabedi okhala ndi mpweya adzaza. Akungochita okhawo amene sangadikire."

"Nanga Wezi angadikire?" anafunsa Lizzie.

"Pakadali pano, inde. Lero mutu wake ndi masentimita 47. Muziuyeza kunyumba Lolemba lililonse, muzinditumizira nambala pafoni. Musamabwere naye kuno wambawamba, kuno n'kumene kwasonkhana matenda. Ukafika 50 ndiimbireni nthawi yomweyo. Nambala imeneyo ndikaitumiza ku Blantyre, amutsegulira khomo. Koma tisapyole, mama. Madziwa akachuluka amapha maso."

Anatsegula kabati n'kutulutsa katepi kapepala. Ndinakayang'ana. Kanali ngati kachidutswa kong'ambidwa kunyuzipepala.

"Ayi," ndinatero.

Lizzie anaseka. "Adada ndi telala, adokotala. Tepi amagona nayo m'khosi."

A Zikani anabweza katepi kawo mukabati.

Tepi yanga ndi yansalu. Ndinaigula chaka chimene ndinayamba kusoka. Inali yachikasu, pano ili ndi mtundu wa tiyi. Mbali ina kuli mainchi, mbali ina masentimita. Yayeza akwati, abusa, ana asukulu ndi maliro, ndipo panalibe munthu anabwezapo chovala chifukwa chosamukwana.

Lolemba loyamba ndinapeza 46. A Zikani anayankha kuti manja amasiyana poyeza, koma ndi nkhani yabwino, mutu waima. Kenako 46 ndi theka. Kenako 47. Unkakwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba pachitunda. Sitinkadziwa chopempha kwa Mulungu, kuti nambala itsike kapena ikwere. Ikatsika, mwana ali bwino koma khomo n'lotseka. Ikakwera, khomo likuyandikira koma mwana akupweteka.

Lizzie anayamba kundikayikira.

"Adada, ine ndikuona kuti mutuwu wakula kuposa pamenepo. Taonani liwombo latukuka. Maso akungoyang'ana pansi."

"Tepi sinama."

"Bwanji tikapemphe kaja kapepala?"

"Tepi sinama."

Anandisiya. Anaphunzira kwa mayi ake kuti ine ndikanena kawiri, kachitatu kulibe.

M'mawa wa Lolemba la mvumbilo, lachisanu ndi chiwiri chiyambire kuyeza, ndinapeza 48 ndi theka. Lizzie anatumiza nambala. Ine ndinayamba kusoka masiki, chifukwa nthawi imeneyo ndiyo inali ntchito yaikulu.

Cha m'ma 10 koloko ndinamva mawu m'chifunga mwini wake asanaoneke.

"Monire mose m'nyumba muno! A telala! A telala, tulukani mudzaone zimene mwandichita!"

Anali a Herbert. Ndi a ku Nkhata Bay, amakhala ku Lupaso, amagwira ntchito kuofesi ina ya boma. Ndi munthu wamimba yaikulu ndi pakamwa posatopa. Ndawasokera zaka khumi. Koma Kovidi itavuta anakana kuti ndiwayandikire ndi tepi. Anati akazi awo, mayi Winifred, agula tepi yatsopano, awayeza okha kunyumba, ndipo manambala anditumizira pafoni. Chiuno mainchi 42. Ndinadula nsalu, ndinasoka thalauza yabuluu, anaitumira munthu Loweruka.

Anafika pakhonde atavala thalauza yomweyo. Dzanja lina linali ndi ambulera, lina litagwira m'chiuno.

"Ndisiye?" anafunsa.

"Ndasiya!"

Thalauza inatsetsereka, inaima pang'ono pamatako ngati ikuganiza, kenako inapitirira mpaka m'mawondo. Anaikoka msangamsanga.

"Mwaona? M'mawa uno, madala, ndaimirira kuti ndipereke lipoti pamaso pa abwana. Ndangoti nditsegule fayilo ndi manja awiri, thalauza yayamba kutsika ngati mbendera ya madzulo. Mwayi wake aliyense anali ndi masiki, sindinaone mano awo. Koma mapewa ankagwedezeka!"

"Lamba?"

"Lamba wachiyani? Thalauza ya a Fyson ifuna lamba liti? Ndakhala ndikukutamani ofesi yonse!"

"Mwaonda."

"Ndaonda? Ine?" Anamenya mimba yawo ndi chigwiriro cha ambulera. "Iyi? Amayi kunyumba akuti mwalakwitsa ndinu. Ine ndati a Fyson salakwitsa. Takangana pafoni mpaka mayunitsi kutha. Ndiye ndadzera kunyumba, nayi tepi yawo. Akuti muyeze nokha, manyazi akugwireni nokha."

Anaiponya patebulo langa lodulira nsalu. Inali yapulasitiki, yoyera, yonunkhira sitolo. Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinawapatsa chitenje, anavula thalauza n'kundipatsira pakhomo. Ndinayeza chiuno chake ndi tepi yanga.

"42," ndinatero.

"Eya! Ndinanena ine! Tsopano ya amayi."

Ndinayeza ndi ya mayi Winifred. Inatsala pang'ono kufika 44.

Ndinayezanso. Chimodzimodzi.

Ndinayala matepi awiriwo patebulo, mutu ndi mutu. Pa inchi yoyamba ankagwirizana. Pa khumi yanga inali itatsogola pang'ono. Pofika pa 42 inali itaisiya inzake ndi zala ziwiri. Zaka makumi atatu ndi ziwiri za kukoka, thukuta la m'khosi ndi chinyezi cha Mzuzu zinaitanula. Sindikanadziwa. Munthu ndinkamuyeza ndi tepi imeneyi, nsalu ndinkaidula ndi tepi yomweyo. Inkanama kawiri mofanana, ndipo chovala chinkakwana. Thalauza ya a Herbert inali yoyamba m'moyo wanga kudulira nambala ya tepi ina.

"Ndiye wapambana ndani?" anafunsa a Herbert ali pakhomo, chitenje cha maluwa chili m'chiuno. "A telala? Mwauma bwanji?"

Ndinali nditatembenuza matepi aja kumbali ya masentimita. Chala changa chinali pa 48 ndi theka ya tepi yanga. Ndinayang'ana nambala yoyang'anizana nayo pa tepi yoyera.

Ndinawadutsa a Herbert pakhomo osapepesa. Lizzie anali kuchipinda akuyamwitsa. Ndinagwada, ndinazunguliza tepi yoyera pamutu pa Wezi, pamwamba pa nsidze ndi pankhongo, monga a Zikani anatiphunzitsira. Ndinayeza katatu.

"Adada, n'chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene nambala, koma chimene chinatuluka ndi phwete. Ndinayesa kutseka ndi dzanja, chinatulukira m'mphuno. Ine, Fyson, ndinali pansi m'chipinda cha mwana wanga, ndikuseka ngati wamwa.

"Adada, mukundiopsa!"

"Fifite," ndinatero. "Fifite ndi hafu."

"Nadi? Zoona?"

Ndinamuonetsa chala changa pa tepi. Lizzie anayang'ana, anayang'ananso, kenako anaimba nthungululu yoti Wezi anasiya bere n'kuyamba kulira. Anandimenya paphewa ndi chibakera, mwamphamvu ndithu.

"Ndinkanena ine! Tepi sinama, tepi sinama! Yanama, adada! Yanama!" Misozi inali kutsika koma mano onse ali panja. Anandimenyanso.

A Herbert anasuzumira. "Pepani, ine ndine mlendo. Kodi kuno kwagwa zabwino kapena zoipa?"

"Mutu wakula!" anakuwa Lizzie.

"Ndiye mukusekerera?"

"Akamuchita opaleshoni! Wakwana fifite!"

A Herbert sanamvetse, koma ndi munthu wosafuna kutsalira pachisangalalo. Anakweza manja onse awiri n'kufuula kuti aleluya, chitenje n'kumasuka.

Foni ya a Zikani inaitana kanayi osayankhidwa. Lizzie anali atabereka kale mwana, nsapato ina kuphazi, ina m'manja.

"Galimoto ili pamsewu," anatero a Herbert akuvala thalauza yawo. "Koma ikazizidwa imafuna kukankha. Ili ngati mwini wake."

Ndinaikankha ine. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo anga amalira ndikamadzuka pampando, koma tsiku limenelo ndinakankha galimoto m'matope, Lizzie ndi mwana ali mkati, a Herbert akukuwa pawindo kuti limbikani madala, limbikani. Injini inatsokomola, inagwira. Ndinathamanga pambali pake, ndinatsegula chitseko, ndinadziponya mkati. Patapata mmodzi anatsala m'matope. Sindinamubwerere. Tili pakati pa njira m'pamene ndinakumbukira kuti makina ndawasiya pakhonde osafunditsa, chinthu chimene sindinachitepo. Ndinaseka nazonso.

A Herbert anayendetsa akuliza hutala kwa aliyense, anjinga, agalu, ngakhale mitengo.

"Patukani! Muno muli mutu wa fifite!"

"A Herbert, mutipha tisanafike!" anatero Lizzie, koma naye ankaseka.

Pageti pa chipatala panali ndowa yosambira m'manja ndi mlonda wokhala ndi kamfuti koyezera kutentha. Analoza Lizzie pamphumi, analoza Wezi, anawalola. Ine ananditchinga ndi mkono.

"Wodwala mmodzi, womudikirira mmodzi."

"Ndine agogo ake."

"Ngakhale mukanakhala abishopu."

Tinatsala panja pa mpanda, ine ndi a Herbert, pansi pa ambulera imodzi. Phazi langa lopanda patapata linayamba kumva kuzizira. Ndipo kuseka kuja kutatha, m'malo mwake munalowa masamu. Ngati tepi inkadya masentimita awiri, ndiye Lolemba lapitalo mutu unali kale pakhomo pa fifite. Sabata zonsezi a Zikani ankaona mutu woyenda pang'onopang'ono, pamene unali kuthamanga. Mwana wanga ananena za maso, ine ndinamutseka pakamwa ndi mawu awiri.

"Mwayambanso kuuma," anatero a Herbert. "Tamverani, madala. Chikhala kuti munasoka bwino, bwenzi pano muli pakhonde, mwana ali kuchipinda. Thalauza iyi ndi mngelo. Sindiibwezanso kuti muichepetse. Ndikaiika mufulemu pabalaza."

Ine ndinkayang'ana khomo limene Lizzie analowera.

Patapita ola, a Zikani anatulukira, masiki kumaso, akuyenda mofulumira. Anaima mkati mwa mpanda, ife kunja.

"A Fyson, tepi ija muli nayo?"

Inali m'khosi. Ndinaipereka kudzera m'mawaya. Anaiyala pamodzi ndi katepi kawo kapepala, anapukusa mutu.

"Ndinakupatsani kanga."

"Munandipatsa."

"Munati chiyani?"

"Ndinati ayi."

"Lero mukuti chiyani?"

Mawu amenewa anandivuta kuposa kukankha galimoto. "Ndinalakwa."

"Inenso ndinalakwa. Nambala itatsika kuchoka pa 47 kufika pa 46, ndinayenera kukuitanani. Ndinakondwa msanga, chifukwa masiku ano nkhani yabwino ikusowa." Anandibwezera tepi. "Ndayeza ndekha. Wapitirira 50."

"Maso?"

"Akutsatira tochi. Onse awiri. Akuchedwa pang'ono, koma akutsatira."

Ndinagwira waya wa mpanda.

"Ndatumiza nambala ku Blantyre, pamodzi ndi kanema wa maso ake. Adokotala akulu ali mufiyeta. Akatuluka ayankha. Mwina madzulo, mwina mawa."

Asanamalize, foni inalira m'thumba la gauni yawo. Anaitulutsa, anawerenga, anawerenganso. Pamwamba pa masiki ndinaona makwinya a m'mbali mwa maso akusonkhana.

"Lachisanu," anatero.

"Lachisanu liti?" anafunsa a Herbert.

"Lino. Ambulansi inyamuka Lachitatu m'mawa, pali odwala ena awiri."

A Herbert anaponya ambulera m'mwamba. Inatera mkati mwa mpanda, ndipo mlonda anawayang'ana moipa.

"Dikirani, dikirani," anatero a Zikani. "Patsala chimodzi. Mayi ndi mwana tiwayeze Kovidi pompano. Mmodzi akapezeka nayo, malowo apita kwa mwana wina, ife tidikira sabata ziwiri. Uko sakunyengerera, chifukwa ikalowa m'wodi mwawo atseka yonse."

Anabwerera mkati. Mlonda anatiponyera ambulera.

Ndinayamba kuwerenga anthu amene anafika pakhonde panga sabata imeneyo. Mayi wina wodzasoketsa yunifomu anatsokomola kawiri. Mnyamata wodzakonzetsa zipi anali ndi masiki pachibwano. A Herbert omwewa analowa m'nyumba, anafuula aleluya pafupi ndi mwana. Ndinawayang'ana.

"Musandiyang'ane choncho, ine ndinabayitsa jekiseni wa Kovidi," anatero. Kenako anatseka maso n'kuyamba kupemphera m'Chitonga, mokweza, dzanja lina kumwamba, lina m'chiuno. Anthu odikira pageti anatembenuka. Amayi awiri ogulitsa zitumbuwa anayamba kuvomera ameni. Ine Chitonga ndimamva pang'ono, koma ndinamva dzina la Wezi, la Blantyre ndi la thalauza.

Pemphero lisanathe, ndinaona Lizzie. Anali pakhonde la wodi, patali, mwana kumsana. Anakweza timapepala tiwiri, dzanja lililonse kamodzi, n'kuyamba kuvina. Ankavina pakhonde la chipatala, namwino akumukoka mkono kuti alowe.

Foni yanga inalira.

"Tilibe, adada! Tonse tilibe! Mukundiona?"

"Ndikukuona."

"Vinani nanunso!"

"Ayi."

Koma phazi lopanda patapata lija linali likuponda matope lokha, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati lili pamakina. A Herbert analiona. Anauza aliyense pageti.

A Zikani anawagoneka m'chipatala momwemo mpaka tsiku la ulendo, kuti asakatole matenda kunyumba. Nditawapempha pafoni kuti ndipite nawo ku Blantyre, anati malo ndi a mayi yekha. Ndinapemphanso. Anati, "A Fyson, ayi." Ndinaimva bwino ayi imeneyo.

Lachiwiri ndinakasiya chikwama pageti: matewera, zitenje zitatu, bulangete, ndi chipewa chatsopano chimene ndinayezera tepi ya mayi Winifred. Lachitatu ndinafika kusanache bwino. Ambulansi inatuluka cha m'ma 6 koloko. Mawindo ake ndi opaka utoto, koma pakampata kam'mwamba panatuluka dzanja, ndipo ndinalidziwa. Ndinaitsatira mpaka pamphambano. Inakhotera kummwera.

Lachisanu ndinatulutsa makina, koma sindinasoke kanthu kooneka. Ndinasoka masiki imodzi yopanda zingwe. Ina ndinaisokerera kujekete langa. Foni ndinaiika patebulo, ndinaisuntha, ndinaibwezera pomwepo. Lizzie anali atanena kuti Wezi alowa mufiyeta 9 koloko. Itakwana 11 analemba kuti sanalowe, kwabwera munthu wangozi ya pamsewu ndipo fiyeta ndi imodzi. Itakwana 12 analemba kuti amutenga. Kenako zii.

Foni inalira 3 koloko itangopitirira.

"Adada!" Kumbuyo kwake kunkamveka mawilo a bedi ndi mawu a anthu. "Watuluka! Amuika kapaipi kaja. Wadzuka, adada, akuyamwa pano, mukumva? Liwombo lafewa, ndaligwira ndekha. Ndipo wayang'ana namwino m'maso n'kumukoka masiki! Adokotala akuti tikanachedwa sabata ina bwenzi tikunena zina, koma tafika. Adada? Mulipo?"

"Ndilipo."

"Mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva."

"Basi? Ndamva, basi? Nenaniko kanthu, inu adada inu!"

Ndinafunafuna mawu.

"Ndamva chomene," ndinatero.

Anaseka mpaka namwino anamukalipira, foni n'kuduka.

Ndinakhala pang'ono. Ndinaimirira, ndinakhalanso. Mumsewu munkadutsa mayi atasenza beseni la nthochi. Ndinamuitana, ndinagula beseni lonse, ndipo ndinayamba kugogoda makomo a Chibanja, nyumba ndi nyumba, kugawa nthochi.